Nsungwi ya a Sisi ndi Maenje a Akamwini

Ndine ndinadula nsungwi ija. Ndanena. Zaka zonsezi mlongo wanga wamkulu, ambuya anu a Esinati, akhala akuuza aliyense kuti "anali Yobe," ine n'kumayankha kuti chinali chiswe. Lero ndikulemba ndi dzanja langa kuti musadzavutike kufunsa ndikadzapita: chiswe chinalibe mlandu. Ndinali ine, ndi chikwanje cha amama, dzuwa lili pamutu, ndipo ndinkaimba mluzu.

Wandikumbutsa ndi Chikondi, mdzukulu wa a Esinati, uyu ndi namwino ku Sinda. Wandiimbira dzulo kuti amusankha kukawonjezera maphunziro, akhale namwino wa zaumoyo wa anthu m'midzi. Ndamuuza kuti wachita bwino, koma muyeso asadzapatse mlongo wake. Waseka osadziwa chimene akuseka. Ndiye inu ana, amene mumawerenga ndi chala chimodzi chikusisita galasi la foni, werengani iyi mpaka pansi. Mulibe zithunzi.

Muyambe mwadziwa kuti unamwino uli pawiri. Pali namwino wa m'chipatala, amene amadikira kuti mudwale, akunyamuleni pa ngolo, iye akubayeni. A sisi, a Esinatiwo, anali kale otero, ndipo osati wamba: satifiketi yaikulu, dzina m'kaundula wa boma, kachipewa koyera pamutu, wotchi yolendewera pachifuwa ngati mendulo. Masiku amenewo jekeseni sankataya ngati mmene muchitira inu. Ankaiwiritsa m'kapoto, nsonga ikabuntha n'kumakubaya nayo choncho, ndipo unkachira ndi mantha okha. A sisi anagwira zaka zisanu ndi chimodzi m'wodi ya ana. Chinawatopetsa ndi kuona nkhope zomwezo: mwana wabwera akutsegula m'mimba, amuchiritsa, wapita kumudzi, mwezi wamawa wabweranso. Ena osabweranso, ndipo osati chifukwa achira.

Ndiye anamva kuti ku Lusaka kuli maphunziro a anamwino amene anamaliza kale, owaphunzitsa kulondola matenda kumene amachokera: kuchitsime, kudzala, kuseri kwa tchire. Anapempha malo katatu. Kachitatu anawatenga. Anasiya mwana wa zaka ziwiri m'manja mwa amama, n'kukwera basi.

Ndikati basi musaganize timabasi tanu iti timene timakuitanani pa Katete ngati mwaba. Inali imodzi, yaikulu, ndipo inkabwera ikafuna. Munthu unkapita kumsewu ndi mphasa, nkhuku yootcha ndi abale okutsanzika, abalewo n'kutsanzika mpaka kutopa, kubwerera kumudzi, iwe ukadali pomwepo. Sinda inali masitolo angapo ndi fumbi. Vubwi kunali kumapeto kwa dziko, munthu wopita kumeneko tinkamupempherera.

Ife kumudzi za maphunziro achiwiriwa sitinazimvetse. Amama anafunsa kuti, "Kodi sukulu ija sunamalize?" A Zuze, amuna a mayi athu aang'ono, anati asiyeni, akabwera adzakhala dokotala. A sisi anabweradi, ndi njinga, buku lalikulu lamizere, ndi nkhani ya zimbudzi. A Zuze anagwira pakamwa. "Chaka chathunthu ku Lusaka, magetsi, mabuku, kukaphunzira pamene munthu amanjuta? Akadandifunsa ine, ndikadawaphunzitsa popanda basi."

Koma sanabwere kudzacheza. Awa anali mayeso awo omaliza. Anawapatsa midzi isanu ndi umodzi, wathu uli momwemo, kuti ayende khomo ndi khomo, apeze chimene chikudwalitsa anthu, achikonze pamodzi ndi eni ake, kenako mphunzitsi wawo abwere kuchokera ku Lusaka kudzaona ndi maso. Akakhutira, a sisi apambana. Akapanda kukhutira, abwerera ku wodi ija, chaka chapita pachabe, ndipo malo otero sapatsa munthu kawiri. Chimene a sisi anapeza sichinafune buku: m'mudzi mwathu monse munali chimbudzi chimodzi, cha kutchalitchi, ndipo kiyi ankasunga a mkulu wa mpingo.

Nanga ine ndinkatani kumudzi mwezi wa Julaye, anzanga ali m'kalasi? Ndinali Fomu 2, ndipo a hedi anandipempha kuti ndikapume teremu isanathe. Nkhani yake inali yaing'ono. Nyemba za ku sukulu kwathu zinkakhala ndi anankafumbwe ochuluka kuposa nyembazo, ndiye ine ndinawatola sabata yathunthu, n'kuwaika mu envelopu, n'kukasiya pa tebulo la a hedi ndi kalata yakuti ndiwo tabweza, atipatseko nyemba. Anthu ena sadziwa kulandira mphatso.

Tsopano mumve za ukamwini, chifukwa inu a masiku ano mumakwatirana pa foni n'kukachita lendi m'tauni, apongozi n'kumawatumizira tizithunzi toseka. Kwathu mwamuna akakwatira ankapita kukakhala kumudzi kwa mkazi. Ameneyo ndiye mkamwini. Munda wa apongozi alime ndi iye, denga afolere ndi iye, nkhokwe aluke ndi iye, koma mudzi si wake. Akakumana ndi apongozi aakazi panjira, apatukire kutchire, ngakhale muli chitedze. Sadya nawo, sawayang'ana kumaso, sakhala pamene iwo akhala. Ana aamuna a pamudzi nawonso amakhala atapita kukakhala akamwini kwina, kapena ku migodi ngati atata athu. Choncho a sisi ataitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango n'kunena kuti khomo lililonse likumbe dzenje, amene ankamva kuti khasu likuwaitana anali akamwini okhaokha.

Onse anavomera. "Inde anesi. Zoona anesi. Mawa lomwe anesi." Mkamwini sakana pagulu. A sisi anabadwira m'mudzi momwemo, koma chaka chimodzi cha ku Lusaka chinawaiwalitsa kuti inde wa mkamwini umamuyeza ndi maso, osati ndi khutu.

Anadula nsungwi yotalika ngati anthu awiri atasanjikizana. Lamulo linali limodzi: dzenje limeze nsungwi yonse, mpaka nsonga, ndipo pokhapo ayale mitengo pamwamba, amate dothi, amange kanyumba. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Iwe Yobe, uli ku sekondale, umadziwa kuwerenga. Midzi inayo ndiziyenda ndekha, ili kutali. Kuno maso anga ndiwe."

Amama anasiya kusenda nsawa. "Esinati. Mwana uyu?"

"Wakula, amama. Munthu ukamupatsa udindo amasintha. Tinaphunzira."

Amama anayang'ana ine, anayang'ana nsungwi, n'kupitiriza kusenda.

Masiku awiri oyamba ndinagwira ntchito mokhulupirika, mundilembere zimenezo. Ndinkayenda ndi nsungwi paphewa ngati msilikali, agalu akundiuwa. Tsiku lachitatu ndinafika kwa a Zuze. Mudzi wathu uli m'tsinde mwa phiri, kufupi ndi ku Mkaika, ndipo mu Julaye dothi lake ukalimenya ndi piki limakuyankha ndi moto. Ndinawapeza ali m'dzenje lofika m'chiuno, thukuta lili chuchuchu, m'manja muli matuza.

"Bwera kuno, mwana wa sukulu," anatero. "Dzenje ili ndikukumbira ndani?"

"Banja lonse, atata aang'ono."

"Banja lonse. Ndiye kuti ndi apongozi anga omwe."

"Eee."

"Tsono iwe ndi Fomu 2 yakoyo, ukundiona ine ndikulowa mmene alowa apongozi? Tikakumana pakhomo, iwo akutuluka ine ndikulowa, ndiwapatse moni wanji?"

M'buku la a sisi munalibe mzere wa funso limenelo.

"Ndipo chaka chamawa mayi ako aang'ono akanditayira mphasa panja, dzenjeli ndidzalisenza pamutu kupita nalo kwathu ku Vubwi?"

Ndinene zoona, a Zuze sanandipemphe kanthu. Nzeru inali yanga ndekha, ndipo sindilola munthu kundilanda. Ndinayang'ana dzenje, ndinayang'ana nsungwi. Ku masamu anatiphunzitsa kuti zinthu ziwiri zikasiyana, ukhoza kuwonjezera uku kapena kuchotsa uko. A Zuze anali atalephera kuwonjezera. Ndinathamangira kunyumba, ndinatenga chikwanje, khaa! Nsungwi inatsala yofika pachifuwa.

A Zuze anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Mwana iwe udzafika patali." Anakumba pang'ono, dzenje linameza nsungwi, ine ndinadya nthutumba ya nkhuku tsiku limenelo, chinthu chimene mwana sankachilawa n'komwe.

Nkhani yabwino siyenda pansi. Mawa lake mkamwini wa khomo lotsatira anandiitana ndisanasukusule. Kwa iye mwala unayambira m'chiuno. Khaa! Wotsatira anati msana. Khaa! Wina analibe chifukwa chilichonse, anangoti, "Nanga ine ndalakwa chiyani?" Ndinaona kuti akunena zoona. Pofika Loweruka, nsungwi ija ndinkaipanira m'khwapa ngati kandodo ka aphunzitsi, ndipo dzenje lofika m'maondo linkaimeza bwinobwino. A Zuze atamva kuti anzawo akumba mochepa kuposa iwo, zinawapweteka mumtima. Anali asanayale mitengo, ndiye anatenga fosholo n'kubwezeramo dothi, kuti asaoneke opusa pakati pa amuna anzawo.

Musaganize kuti akazi sankaona. Ankaona zonse. Ambuya athu, amene anali apongozi a a Zuze, anandiitana kuseri kwa nkhokwe, ine n'kuti basi lero ndafa. Iwo anati, "Iwe, kanyumba akumanga bambo wa ku Vubwiyo, ati ndizilowamo ine? Iye atakhala pakhonde, akudziwa chimene ndapitira? Ndife kaye." Anandipatsa mbatata yootcha. Mudzi wonse unali utagwirizana popanda msonkhano, ndipo mlembi wake ndinali ine.

Koma tinyumba take, ana inu! Mkamwini pa udzu ndi dothi salephera, ndi ntchito imene anakwatirira. Makoma osalala, madenga ometa bwino m'mphepete, akazi n'kuzira ndi dothi lofiira ndi loyera, wina mpaka kujambula maluwa. Tinali tokongola kuposa nyumba zogonamo. A sisi ankafika dzuwa litapendeka, fumbi mpaka m'nsidze, miyendo ikunjenjemera ndi njinga, n'kupeza maenje atatsekedwa kale.

"Linameza, Yobe?"

"Linameza, a sisi."

"Yonse?"

"Mpaka nsonga."

N'kuchonga m'buku. Akafunsa kuti nsungwi ili kuti, ndinkati ili kwa auje, mawa akayamba kwa auje. Tsiku lina anandibweretsera zitumbuwa ziwiri za ku Sinda, nati, "Amama ankakukayikira. Ine ndinadziwa." Ndinadya zonse ziwiri. Chachiwiricho chinavuta pang'ono kutsika, koma chinatsika.

Panali kanthu kamodzi kamene sindinkakonda kuyang'ana. Mwana wawo uja anali atawaiwala. Akamutambasulira manja, ankathawira m'chitenje cha amama. A sisi ankangoseka, nati, "Musiyeni, ndikamaliza mayeso ndidzakhala naye, adzandizolowera." Akatero ine ndinkapita kukaona mbuzi.

Mphunzitsi anafika kuchiyambi kwa Ogasiti, pa galimoto ya boma. Tinkayembekezera munthu wamkulu thupi, wamagalasi. Munatsika kamayi kafupi, nsapato zansalu, ambulera yakuda m'manja ngakhale kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe. Dzina lawo Mayi Mulenga, Mbemba. Mukudziwa kuti ife a kum'mawa ndi Abemba ndi pachimbuya, timanyozana mmene tifunira popanda mlandu: iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani. Asanakhale n'komwe pampando anayang'ana a Zuze, nati, "Imwe atate, mbewa zasila kuno? Nabwela na njala."

"Zatha, mayi," a Zuze anayankha. "Tikudikira anyani ochokera kwanu."

Anthu anaseka, ine n'kuti basi, mayi wansangala chonchi sangavute.

M'mawa wonse zinayenda bwino. Anaona chitsime chimene a sisi anatchingira ndi mpanda kuti ng'ombe zisamwemo. Anaona sikelo ya ana itapachikidwa pa nthambi ya mango, amayi ali pamzere ndi makadi awo. Anaona mathandala oyanikapo mbale, maenje a zinyalala. Ankangogwedeza mutu n'kumalemba. Ntchito imeneyo inali yeniyeni, ya a sisi okha, ndipo ndikuichitira umboni. Kenako tinafika pa tinyumba tathu tokongola, mudzi wonse uli pambuyo ngati tikuperekeza mkwati.

Mayi aja sanayang'ane denga. Sanayang'ane maluwa. Anayang'ana pansi.

"Sisita Phiri, ivi vimbuzi vili na masabata angati?"

"Atatu, mayi."

"Manje njila ili kuti?"

Tonse tinayang'ana pansi. Kuchokera pakhomo la nyumba kufika pa kanyumba, udzu wouma unali chiimire, wosapondedwa ndi phazi ngakhale limodzi. Njira yoyera, yosalala, yopondedwa bwino, inkadutsa pambali pake n'kulowa kutchire.

"Kulibe njila, kulibe nchenche, kulibe na kafungo. Kapena kuno ku Katete simukudya?"

Palibe anaseka. Anasankha cha a Zuze, mwina chifukwa cha anyani aja. Anawerama n'kulowa, ife tili panja. Tinamva akusuntha, kenako zii. Kenako kunamveka phokoso ngati mwalowa mphepo, mayi aja anakuwa m'Chibemba, ndipo pakhomo panatulukira nkhuku yathadzi ya mayi aang'ono, nthenga zili m'mwamba, ikutetera ngati yaona kabawi. Inali itasowa masabata awiri, tinkati yagwidwa ndi vumbwe. Inapeza malo ouma, amdima, opanda munthu wopitako, n'kuikira mazira pansi pa dzenje la a Zuze.

Mayi Mulenga anatuluka nthenga ili pa tsitsi, dzira lili m'manja. Analipereka kwa a Zuze mwaulemu, ndi manja awiri. Kenako anabwereramo ndi ambulera. Tinamva nsonga yake ikugunda pansi: go, go. Chigwiriro chinali chikadali m'manja mwawo.

Anayenda mudzi wonse ndi ambulera imeneyo, khomo ndi khomo. Go, go. Go, go. Akamwini anayamba kusowa mmodzimmodzi, wina akuti mbuzi, wina akuti mutu. Atamaliza anakhala pampando pansi pa mango, nati, "Nibweletseleni muyeso."

Sindinaonepo mudzi wogwirizana ngati tsiku limenelo. Mitu yonse inatembenukira kwa ine nthawi imodzi, ndi ambuya omwe, mbatata yawo ndikadali kuikumbuka. Ndinapita kuseri kwa khola, ndinabwera nako kansungwi kanga. Mayi aja anakaimika pambali pa ambulera. Ambulera inapambana.

Ndinayembekezera kuti a sisi andigwira pakhosi. Bwenzi zili bwino. Sanandiyang'ane n'komwe. Anaima chilili, yunifolomu yoyera yochapa dzulo lake, manja kumbuyo, maso ali pa buku lawo lija, mizere yonse yochongedwa bwino ndi dzanja lawo. Mayi Mulenga anatsegula lawo.

"Sisita Phiri, nilembe chani?"

"Lembani zimene mwaona, mayi."

Mawu anatuluka aang'ono, koma anatuluka. Kenako a sisi anachita chinthu chimene akadachita mwezi wathawo. Anatembenukira kwa a Zuze, amene analephera kuthawa chifukwa cha dzira, nati, "Atata aang'ono, chifukwa chiyani?"

A Zuze anayang'ana kumbali. "Anesi, pamaso pa apongozi sindinganene."

Ambuya nawo, atafunda chitenje kumaso, anati, "Ndi ine pamaso pa bambowo sindinganene."

Mayi Mulenga anayang'ana uku, anayang'ana uko, n'kutseka buku. Anapangitsa misonkhano iwiri pomwepo, akamwini kuseri kwa tchalitchi, amayi pansi pa mango, a sisi akuyenda pakati ngati mtumiki wa ukwati. Dzuwa lisanapendeke anali atamva zonse zimene ine ndinamva tsiku lachitatu ndili ndi nthutumba m'kamwa.

Ponyamuka mayi aja analankhula pamaso pa tonse, ndipo Chinyanja chawo cha m'tauni chinaluma kuposa tsabola. Anati ku Lusaka amaphunzitsa kuya kwa dzenje, kutalika kwake ndi chitsime, ndi mayina a tizilombo m'Chilatini, koma za mkamwini ndi apongozi m'mabuku awo mulibe, chifukwa olemba mabukuwo apongozi awo amawapsompsona patsaya. "Ine nili na chifukwa chosaziba. Koma imwe, Sisita, munabadwila muno. Munapeleka maso yanu kuli mwana wamene bamupisha ku sukulu, imwe muli pa njinga." Anawapatsa mwezi umodzi. Adzabweranso ndi ambulera yomweyo, ndipo akadzapeza nkhuku, a sisi abwerera ku wodi.

Galimoto itapita, a sisi analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Amama sanandimenye. Anangoti, "Ukamve mmene akulirira mlongo wako," n'kundikhazika pakhonde, pafupi ndi chitseko, mpaka a sisi anasiya kulira. Pa zilango zonse zimene ndalandira pa moyo wanga, ndi cha a hedi chomwe, chimenecho chokha ndicho sindinachipezere nthabwala.

M'mawa mwake anatuluka maso ali otupa, buku lili m'khwapa, ndipo anali munthu wina. Sanaitanitse msonkhano. Anakhala ndi akamwini paokha, amayi paokha, n'kumafunsa m'malo mouza. Anapangana chonchi: akamwini akumbe zawozawo, kunja kwa mudzi mbali ya kuphiri, amuna atatu chimodzi, khomo loyang'ana kutchire kuti apongozi asaone wolowa. Mukadaona mmene anakumbira! Mwala uja unafewa, msana uja unapola. A Zuze anapitirira muyeso, ankati munthu pa chake saumira. Ndipo za amayi ndi ana, anagwirizana kuti mkamwini asakhudzeko. Zikumbidwe ndi mwana wa pamudzi, wobadwira pomwepo, amene ambuya sangachite naye manyazi.

Anawerenga ana aamuna a pamudzi. Wina ali ku migodi. Wina chikamwini ku Sinda. Awiri akadali ovala malaya okha opanda kabudula. Anawerenganso kachiwiri, kuti pasakhale kukondera. Yankho linatuluka lomwelo.

Muyeso watsopano unali paipi yachitsulo ya pa mjigo wakufa. A sisi anandipatsa m'manja, nati, "Chikwanje chili pakhonde, ngati ukufuna kuyesa."

Mwezi utatha Mayi Mulenga anabweradi. Analowetsa ambulera, mkono wonse mpaka phewa, osagunda kanthu. Anaona njira zopondedwa, ananunkhiza, nati, "Apa manje pali bantu." A sisi anapambana. Anagwira ntchito imeneyo mpaka kupuma, pa njinga, kenako pa njinga yamoto, kuyambira Katete mpaka kumalire a Vubwi, ndipo kulikonse kumene ankafika funso lawo loyamba linali lakuti, "Kuno amakumba ndani, ndipo amaopa ndani?" Anamwino ambiri aphunzira funso limenelo kwa iwo. Amene anawaphunzitsa iwo samutchula. Ndawauza kangapo kuti pa satifiketi ija payenera kukhala mayina awiri, amangondiponyera chimene chili pafupi.

Tsono chilango changa. Maenje asanu, holide yonse ya Ogasiti, ine amene khasu ndinkaligwira pokumba mbewa pokha. Manja anatupa, anaphulika, anauma ngati chikopa cha ng'oma. Kumapeto kwa mwezi anzanga onse anapita ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba, atadzola mafuta, ine ng'oma ndinkazimvera pansi pa nthaka. Akamwini ankadutsa dala kudzasuzumira. A Zuze, amene ndinawapulumutsa ndi dzanja langa, ankaima m'mphepete n'kumati, "Kona iyo sinawongoke, mwana wa sukulu."

Koma ndikuuzeni chimene sankadziwa. Dzenje likapitirira msinkhu wa munthu, pansi pamazizira bwino, dzuwa silifika, ndipo palibe amene angakuone ngati ukukumba kapena wakhala. Umangomenya piki kamodzi pakanthawi kuti amve. Palibe wokutuma kumadzi, palibe wokutuma kuchigayo, mbuzi zikalowa m'dimba si mlandu wako. Ndinagona tulo tamasana tabwino kwambiri m'maenje amenewo. Ndipo poti wokumba sakwera kukadya, amayi a pamudzi anasankha mtsikana wa m'mudzi woyandikana, amene ankabwera kudzathandiza azakhali ake kusenda nsawa, kuti azinditsitsira thobwa pa chingwe ndi kukoka ndowa ya dothi.

Tsiku loyamba anati, "Ndiwe uja wa nsungwi?" Ndinati ndine. Anati, "Chitsiru." Dzenje lachiwiri anatinso chitsiru, koma anakhala pansi m'mphepete. Lachitatu thobwa linayamba kubwera ndi shuga. Lachisanu ndinalikumba mochedwa kwambiri moti a sisi anabwera kudzaona ngati ndadwala.

Mtsikanayo ndi ameneyo mukumumva akukukalipirani kukhitchini, ambuya anu aakazi. Ndinakakhala chikamwini kwawo zaka zinayi. Ndinalima, ndinafolera, ndinapatukira m'chitedze ngati mwamuna aliyense. Chaka chachiwiri chimbudzi cha apongozi chinadzaza, onse n'kuyang'ana ine. Ndinavula chipewa, ndinayang'ana kumbali mwaulemu, ndinati pepani, a nesi a boma analetsa, mkamwini sakhudzako. Anakumba ndi mlamu wanga, ine nditakhala pamthunzi, ndikumuuza kuti kona sinawongoke.